Dazi: Kodi Tsitsi Limapita Kuti?

Mwezi watha wometa adandiyang'ana paliwombo n'kunena kuti, "Achimwene, chuma chayamba kubwera." Ndidaseka, koma mtima udandigunda poti bambo anga ndi adazi, ndipo ine ndili ndi zaka 22 zokha.

Pa Chichewa timati munthu wadazi "tsitsi lidathothoka". Mawuwa ndi osokeretsa pang'ono, chifukwa aliyense amathothoka tsitsi 50 mpaka 100 patsiku koma lina limamera m'malo mwake. Tsitsi lililonse limamera m'kathumba kakang'ono ka m'khungu, ndipo pamutu pali timatumba pafupifupi 100,000. Limakula kwa zaka 2 mpaka 6, kenaka kathumbako kamapuma miyezi pafupifupi 3, tsitsi lakale n'kugwa, latsopano n'kuphuka.

Dazi limayamba timatumbati tikayamba kufota. M'thupi, homoni ya testosterone imasandulika ina yamphamvu kwambiri yotchedwa DHT. Kwa anthu ena, malinga ndi kumtundu kwawo, DHT imafupikitsa nyengo yomwe tsitsi limakula ndi kuchepetsa kathumba. Choncho tsitsi lililonse lomera limakhala lalifupi ndi lopyapyala kuposa loyamba, mpaka limangotsala ngati cheya. Timatumba ta pachipumi ndi paliwombo ndi timene timafota msanga, pomwe ta kunkhongo sitimva DHT kwenikweni. N'chifukwa chake adazi ambiri tsitsi limawatsalira kumbuyo ndi m'mbali.

M'chaka cha 1942, James Hamilton wa ku America adapeza kuti amuna ofulidwa asanathe msinkhu sachita dazi. Atapatsidwa testosterone, okhawo amene kwawo kudali adazi ndiwo adayamba kuchita dazi. Izi zikusonyeza kuti pamafunika zinthu ziwiri: homoni ndi mtundu. Mankhwala monga minoxidil ndi finasteride amachedwetsa kufotaku, koma munthu akawasiya dazi limapitirira.

Nthabwala ya wometa uja si yongoseka ayi. M'chaka cha 2017, m'boma la Milange ku Mozambique, kufupi ndi malire a Malawi, amuna adazi adaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro choti m'mitu mwawo muli golide. M'mutu wadazi mulibe golide, ndipo dazi si chizindikiro cha chuma kapena nzeru. Ndi timatumba chabe timene tafota. Ngati langa likubweradi, ndidzalilandira monga momwe ndidalandirira mphuno ya bambo anga.