Chikho cha sopo chomwe chinadzafika kwathu

Anyamata omenya chikulunga ku Nchilamwela ayenera kudziwa komwe mipikisano ya mayiko inachokera. Mu 1926, kampani yopanga sopo ya Gossage inapereka chikho choti Kenya ndi Uganda azilimbirana. Apa n'kuti World Cup isanabadwe, poti yoyamba inachitikira ku Uruguay mu 1930. Chikho cha mayiko a mu Africa chinadzayamba mu 1957 ku Khartoum, matimu ake atatu okha: Egypt, Sudan ndi Ethiopia.

Chikho cha Gossage chija ndicho chinadzasanduka CECAFA. Malawi, yomwe Ghana inaithibula 12-0 mu 1962, inachitenga mu 1978, m'nyengo ya Kinnah Phiri, n'kubwerezanso mu 1979 ndi 1988. Kuti mbiriyi ibwerere, osaka luso azifikanso m'mabwalo a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo kuno.