Matauni a ku Tuscany: Siena, pogona pa mlendo wa galimoto

Munthu akabwereka galimoto kuti aone matauni akale a pamwamba pa zitunda za Tuscany, ku Italy, funso loyamba limakhala la pogona. Ambiri amathamangira ku Florence chifukwa ndi kotchuka, koma m'mawa uliwonse amavutika kutuluka mumzinda wodzaza magalimoto. Ena amasankha kamudzi kokongola, n'kupeza kuti mabasi a alendo akangochoka madzulo, masitolo amatseka ndipo kumangoti zii. Tili ku Siena, ndipo ine ndikuti pogona pabwino ndi pano.

Mzindawu uli ndi anthu opitirira pang'ono 50,000 ndipo wakhala pa zitunda zitatu, pakatikati pa malo amene mlendo amafuna kuona. Monteriggioni, linga limene anthu a ku Siena anamanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200 podziteteza kwa adani awo a ku Florence, ili pa makilomita ngati 15 okha. San Gimignano, ya nsanja zakale 14, ili pa makilomita ngati 40. Kumwera, msewu wakale wa Via Cassia umatsetserekera kuchigwa cha Orcia, kumene kuli Montalcino, kwawo kwa vinyo wa Brunello, ndi Pienza, tauni imene Papa Pius II anayamba kumanga mu 1459 pamudzi umene anabadwira. Konseku munthu amafika pa ola limodzi kapena kuchepera. Montepulciano ndiyo yatalikirako pang'ono.

Koma galimoto yomweyo ndi imene imavuta. Siena inayamba kuchotsa magalimoto pakati pa mzinda kale m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero polowera pali zikwangwani za mzere wofiira wozungulira zolembedwa ZTL, zoletsa magalimoto opanda chilolezo kulowa. Palibe wapolisi wokuimitsani. Kamera imangojambula nambala, chindapusa n'kudzakupezani muli kwanu patapita miyezi, kudzera ku kampani imene inakubwereketsani galimoto. Choncho musatengeke ndi chipinda cha pakati penipeni. Funani malo ogona pafupi ndi chipata cha linga, okhala ndi poimika galimoto: Porta Romana ngati maulendo anu ambiri ndi akumwera, Porta Camollia ngati ndi akumpoto. Amene mwazolowera kuyendetsa kumanzere, dziwani kuti kuno n'kumanja, ndipo misewu ya kumidzi ndi yokhotakhota, ina yafumbi loyera. Makilomita 40 a kuno amadya nthawi.

Phindu lenileni la Siena limaoneka mukabwerako madzulo. Mwasiya galimoto kunsi, mwakwera masitepe oyenda okha, mwadutsa m'tinjira ta mdima pakati pa nyumba zazitali, kenaka mwadzidzidzi bwalo la Piazza del Campo latseguka pamaso panu. Ndi lotsetsereka ngati chigoba cha nkhono, loyalidwa njerwa zofiira m'zigawo 9 pokumbukira akuluakulu 9 amene analamulira mzindawu kuyambira 1287 mpaka 1355. Ophunzira a payunivesite, imene inayamba mu 1240, amakhala pansi panjerwa zofundabe ndi dzuwa la masana, ana akuthamangitsana, nsanja ya Torre del Mangia ili njoo pamwamba pawo. M'malo odyera muli eni mzinda, akudya pici, pasta wonenepa wopota ndi manja.

Eni mzindawo agawika m'madera 17 otchedwa contrada, lililonse ndi mbendera yake, tchalitchi chake ndi kasupe wake. Pa 2 July ndi pa 16 August amathira dothi kuzungulira bwalo lija, mahatchi 10 n'kupikisana pa mjaha wa Palio. Okwera sakhala ndi chishalo, amazungulira katatu, ndipo hatchi ikhoza kupambana ngakhale wokwera wake atagwa. Ndi mwambo woti munthu auone, koma masiku amenewo Siena si ya mlendo wongobwera kudzagona: zipinda zimadula, poimika galimoto pamasowa.

N'zomvetsa chisoni kuti chimene chinasunga mzindawu mmene ulilimu ndi tsoka. Mliri wa mu 1348 unapha anthu ochuluka zedi, ntchito yokulitsa tchalitchi chachikulu n'kuima. Khoma lake losamalizidwa lilipobe, ndipo alendo amakwerapo kuti aone madenga a mzinda wonse. Mu 1555 Siena inagonja pankhondo, ndipo mu 1557 inagwera m'manja mwa banja la Medici la ku Florence. Chuma chitachepa, panalibe wogwetsa zakale kuti amange zatsopano.

Amene mtima wake uli pa chigwa cha Orcia chokha, ndipo akufuna kudzuka pakati pa minda ya tirigu, Siena imutalikira. Ameneyo agone ku San Quirico d'Orcia.