MAGOGO, MWANA WA MFUMU AMENE ANASUNGA NYIMBO ZA AZULU

Mtundu ukataya nyimbo zace, wataya mbiri yace. Azulu anapulumuka tsoka limeneli cifukwa ca anthu onga Magogo, mwana wamkazi wa Mfumu Dinuzulu.

Mai ameneyu anabadwa m'caka ca 1900, pamene ufumu wa Azulu unali utasweka kale. Atate ace anali atakhalapo m'ndende pa cisumbu ca St Helena, ndipo Boma linawamanganso itatha nkhondo ya Bambatha ya 1906. Iwo anamwalira mu 1913. M'masiku obvuta otere mtsikanayo anali kukhala pafupi ndi agogo ace, amasiye a Mfumu Cetshwayo, namvetsera nyimbo zao. Zina mwa izo zinali za m'nthawi ya Shaka, ndipo panalibe buku lozisunga koma mitima ya nkhalamba zokha.

Coimbira cace cinali ugubhu, ndiwo uta wa nsambo imodzi womangirirako cikho. Woimba amagogoda nsamboyo ndi kamtengo, nasendeza cikho pa cifuwa kuti mau asinthe. Magogo sanangobwereza zakale ai, koma anapekanso nyimbo zace za cikondi ndi za cisoni. Analakatulanso ndakatulo zotamanda mafumu, nchito imene mwa mwambo inali ya amuna.

Mu 1926 anakwatiwa ndi Mfumu Mathole Buthelezi, ukwati umene mlongo wace, Mfumu Solomon, anaufuna kuti mabanja awiriwa agwirizane. Mwana wao ndiye Mangosuthu Buthelezi. Ngakhale anali mkazi wa mfumu, sanapacike uta wace.

Hugh Tracey anajambula mau ace m'caka ca 1939, ndipo pambuyo pace David Rycroft, mphunzitsi wa ku London, anadzaphunzira kwa iye. Motero nyimbo zimene zikadalowa m'manda pamodzi ndi agogo aja zinamveka ndi kutsidya kwa nyanja komwe.

Magogo anamwalira mu 1984. M'caka ca 2002 ku Durban kunaonetsedwa sewero la nyimbo lofotokoza moyo wace, lopekedwa ndi Mzilikazi Khumalo, ndipo mu 2003 Boma la South Africa linamlemekeza ndi mendulo ya Order of Ikhamanga.

Owerenga amene ali ndi agogo odziwa nyimbo za makolo acite monga anacitira Magogo: akhale nao pansi lero, pakuti mau a akulu akoma akagonera pokhapo pali wina amene anawamva.