Tiyi wa Akwati: Zimene Ndinaona pa Ukwati wa Cichaina

Caka catha ndinakwera sitima ku Cuamba kupita ku Nampula. Mwana wa mlongo wanga anali kukwatiwa. Mwamuna wake ndi wa ku China, wa cigawo ca Fujian, ndipo amagulitsa zipangizo zomangira nyumba. Makolo ake anabwera pa ndege kudzaona ukwatiwo. Ine ndinapita monga malume, mwini mbumba. Kunena zoona, mtima unali m'mwamba. Ndikakhala pati? Ndikanena ciyani? Ndikapereka ciyani?

Anthu a ku China si alendo a dzulo m'dziko muno. Ku Beira ndi ku Maputo anakhazikika kale, nthawi ya atsamunda Apwitikizi, ndipo ambiri anacoka dziko litalandira ufulu mu 1975. Masiku ano timawaona m'masitolo. Tinawaonanso akugwira nchito pa msewu wocokera ku Cuamba, kudzera ku Mandimba ndi ku Massangulo, mpaka ku Lichinga. Anthu akamaonana tsiku ndi tsiku, ena amakondana. Conco zimene zinandipeza ine zikhoza kukupezani inunso.

Tiyambe ndi mtundu wofiira. Nyumba yonse inali psuu! Zitseko, makatani, zofunda za pabedi, ngakhale diresi ya mkwati, zonse zofiira. Kwa iwo kufiira ndi cimwemwe ndi mwayi. Zoyera ndi zakuda zimawakumbutsa maliro. Mkwati wa masiku ano amatha kuvala diresi yoyera kwa kanthawi, koma mlendo wanzeru amapewa kuvala zoyera zokhazokha kapena zakuda zokhazokha.

Pa citseko ciliconse anamata pepala lofiira lokhala ndi cilembo cimodzi cacikulu. Anandiuza kuti ndi mawu akuti cimwemwe, olembedwa kawiri moyandikana: cimwemwe ca mwamuna ndi cimwemwe ca mkazi. Ndinaima pamenepo ngati mwana. Ine amene ndimaphunzitsa akuluakulu kuwerenga, tsiku limenelo sindinathe kuwerenga cilembo ngakhale cimodzi. Ndinakumbukira ophunzira anga pa tsiku lawo loyamba, ndipo ndinawamvetsa bwino kuposa kale.

Tsiku la ukwati salisankha cisawawa. Akuluakulu amayang'ana kalendala yawo yotsata mwezi, ndiponso masiku amene akwatiwo anabadwa. Nambala 8 amaikonda, cifukwa m'cinenero cawo imamveka ngati mawu akuti kulemera. Nambala 4 amaithawa, cifukwa imamveka ngati mawu akuti imfa.

M'mawa mwamuna anabwera ndi anzake kudzatenga mkazi. Atsikana anzake a mkwati anatseka citseko. Anamufunsa mafunso, anamuimbitsa nyimbo, anamumwetsa zowawa ndi zotsekemera. Sanatsegule mpaka atapereka timaenvulopu tofiira ta ndalama. Envulopu yotereyi amaichula kuti hongbao. Alendo nawonso amapereka mphatso yawo m'menemo, ndipo pakhomo pamakhala munthu wolemba dzina ndi ndalama m'buku. Ndi perekaniperekani wathu yemweyu, kungoti wawo ngwobisa. Palibe kuvina uku ukuponya ndalama m'lichero kuti anthu aone. Pali mphatso zina zosayenera: wochi ya pakhoma imawakumbutsa kuperekeza maliro, ndipo ambulera imamveka ngati mawu akuti kupatukana.

Koma mtima wa ukwati wonse ndi tiyi. Apa ndiye mumvetsetse.

Anaika mipando iwiri kutsogolo. Makolo a mwamuna anakhala pamenepo. Akwati anagwada pamaso pawo, aliyense atagwira kakapu ka tiyi ndi manja awiri. Mwana wathu anapereka tiyi kwa apongozi ake aamuna, kenako kwa aakazi. Popereka, anawaitana kwa nthawi yoyamba kuti "bambo" ndi "mayi" m'cinenero cawo. Makolowo anamwa pang'ono, nampatsa envulopu yofiira. Apongozi ake aakazi anamuvekanso zibangili zagolide. Kumwa tiyiyo ndiko kunena kuti, takulandira, tsopano ndiwe mwana wathu. Atatha makolo, anapitiriza kwa abale ena, kuyambira wamkulu kutsikira kwa wamng'ono. Aliyense ali ndi dzina lake la ubale, ndipo kulakwitsa ndandanda ndi mwano.

Ndiyeno inafika nthawi ya mbali yathu. Mlongo wanga anacita manyazi kwambiri. Inu mukudziwa mwambo wathu: mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatuka. Tsopano uyu mkamwini wagwada pafupi, akumuyang'ana, akumupatsa kapu m'manja, akuti "amayi"! Mlongo wanga anaphimba nkhope ndi citenje, anthu n'kuseka. Koma tiyi anamwa. Ulemu ndi umodzimodzi, abale anga. Ife timauonetsa potalikira, iwo amauonetsa poyandikira.

Madzulo kunali phwando. Apa ndinadabwa. Anandigwira dzanja n'kukandikhazika pa mpando waulemu, pa tebulo lakutsogolo. Anandifotokozera kuti ku Fujian ndi m'madera ena akum'mwera kwa China, mlongo wa mayi ndiye mlendo wamkulu pa ukwati, ndipo cakudya siciyamba iye asanakhale pansi. Ndinati mumtima, kani malume ndi malume kulikonse!

Zakudya zinabwera mbale ndi mbale, zosatha. Nsomba anaibweretsa yathunthu, mutu ndi mcira, cifukwa dzina la nsomba limamveka ngati mawu akuti zotsala, kutanthauza kuti m'nyumbamo musasowe kanthu. Pabedi la akwati anali atamwaza mtedza ndi zipatso zouma, kuwafunira ana msanga. Timitengo todyera tinandivuta, mpaka ndinapempha supuni. Cimodzi cokha musacite: kubaya timitengoto mumpunga kuti tiime ciriri. Zimenezo zimafanana ndi lubani woyatsira akufa. Ndiponso dziwani kuti pa phwando lotere nkhumba ndi mowa sizisowa. Ife a ku Mandimba ndi ku Ngauma tili ndi abale ambiri Acisilamu. Tinanena zimenezi kukali masiku, ndipo anawakonzera tebulo lawo la nkhuku ndi nsomba popanda vuto.

Tsopano ndinene cimene cinandisowetsa tulo. Mpando waulemu uja usatinamize. Kwa ife Anyanja, Ayao ndi Alomwe, ana ndi a mbumba ya mayi. Mwamuna amabwera kudzamanga kwa mkazi, ndiwo cikamwini. Ku China n'zosiyana. Mtundu umatsata bambo. Kawirikawiri ana amatenga dzina la bambo, ndipo mkazi amawerengedwa ku banja la mwamuna, ngati citengwa. Banja la mwamuna limaperekanso cuma kwa makolo a mkazi, cimene amacichula kuti caili. Cimafanana ndi malowolo a anzathu akum'mwera kwa dziko lino. Lamulo la ukwati la ku China la 1950 linaletsa maukwati okakamiza, ndipo lamulo la masiku ano limaletsa kulipiritsa cuma cifukwa ca ukwati. Koma mwambo ukadalipo, ndipo mabanja ena amalowa nawo m'ngongole.

Pamene anatibweretsera envulopu yonenepa, abale ena anasangalala. Ine ndinati tiyambe takhala pansi. Kodi ndalamazi zikutanthauza ciyani? Ndi zothokoza, kapena ana onse apita? Mwamunayu akadzafuna kubwerera kwawo, mkazi ndi ana adzakhala kuti? Tinakambirana masiku awiri, womasulira ali pakati. Sizinali zophweka. Bambo a mwamuna anafuna kuti mdzukulu akaphunzire ku China. Mlongo wanga analira. Pamapeto tinagwirizana kuti ana adzatenga dzina la bambo, koma sadzatuluka m'dziko popanda cilolezo ca mayi wawo, ndipo pa holide azibwera kumudzi. Tinawapemphanso kuti asankhe nkhoswe. Iwo amadziwa za munthu wofunsira mbeta, koma nkhoswe yokhalitsa, yoweruza milandu ya m'nyumba, inali nkhani yacilendo. Anasankha msuweni wa mwamunayo amene amakhala ku Nampula komweko.

Cinanso, tiyi ndi phwando si ukwati pamaso pa boma. Ngakhale ku China, akwati amayamba akalembetsa ku ofesi n'kulandira timabuku tofiira. Kumeneko mwamuna ayenera kukwanitsa zaka 22, mkazi zaka 20. Kuno kwathu onse awiri ayenera kukwanitsa zaka 18, ndipo lamulo la 2019 limalanga aliyense wokwatitsa mwana wosafika pamenepo. Ife tinaumirira kuti apite ku Registo Civil phwando lisanacitike, ndiponso kuti mwamunayo abweretse kalata ya kwawo yosonyeza kuti alibe mkazi wina. Popanda mapepala amenewa, mwamuna akakwera ndege mkazi amatsala ndi ana, wopanda pogwira. Pepala lililonse limene akupatsani, liwerengeni musanasaine. Ngati Cipwitikizi cake ndi covuta, itanani munthu wanu amene mumamukhulupirira kuti akuwerengereni mokweza. Musacite manyazi kufunsa kawiri.

Mwambo womaliza ndi wobwerera kwa makolo a mkazi. Pa tsiku lacitatu akwati amayenera kukaceza kumeneko atanyamula mphatso, kuti makolo aone kuti mwana wawo ali bwino. Nampula ndi Mandimba ndi kutali, conco iwo anafika patatha mlungu umodzi. Tinawaphera mbuzi, tinawaphikira nsima ndi thobwa. Mkamwini anasamba m'manja n'kuyesa kumbwa mbamu. Inamuotcha, n'kuigwetsa m'mbale ya ndiwo, ana onse kuseka. Mlongo wanga anaonera zonsezi ali patali, kuseri kwa nkhokwe. Anati za tiyi zija zinathera ku Nampula, pano ndi pamudzi pake, ndipo sangadye pamodzi ndi mkamwini.