Lole Yanu ndi Katundu Wace

Mwezi wa Juni ukafika, cimanga citauma m'minda ya ku Masaiti ndi ku Mpongwe, mlimi ali yense ayamba kufunsa funso limodzi: kodi matumba awa adzafika bwanji ku Ndola? Inu amene mukhala ku Nkwazi koma mulima kutali, mudziwa bwino ndarama zimene eni magalimoto alipiritsa pa thumba limodzi. Cifukwa cace ena a inu mwasunga ndarama zaka zingapo, ndipo mwagula vaneti kapena lole yaing'ono yakale. Mwacita bwino. Koma tifuna kukucenjezani za cinthu cimodzi cimene cipha malole ambiri asanabweze mtengo wace, ndico kuwasenzetsa katundu wopitirira muyeso.

Galimoto iri yonse iri ndi muyeso umene oipanga anaipatsa. Land Rover yoyamba, imene inaturuka ku England m'caka ca 1948, inapangidwira alimi, komabe inali ndi malire ace; Toyota Hilux, imene inayamba mu 1968, cimodzimodzi. Funani kacitsulo kolembedwa pafupi ndi citseko kapena pa injini, ndipo mudzapezapo kulemera konse kumene galimoto yanu iloledwa kukhala nako. Vaneti yonga Hilux inyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50. Lole ya matani awiri inyamula matumba 40. Musaiwale kuti inu mwini, pamodzi ndi anyamata okweza katundu, muwerengedwa momwemo.

Tsono cimene ambiri acita ndi ici. Akaona kuti kumbuyo kwa lole kwafwamphira pansi, apita nayo kwa owocherera zitsulo, naonjezera masipuling'i awiri kapena atatu, natalikitsa zipupa za bodi. Lole iturukako itaima njo, ndipo mwini wace akondwa, nati tsopano inyamula matumba 60.

Taganizani bwino. Sipuling'i ingoletsa bodi kukhudza tayala, basi. Mabuleki ali omwe aja, ekiselo iri yomwe ija, matayala ali omwe aja. Katundu akacuruka, mabuleki ayenera kugwira nchito yaikuru kuti aimitse lole, ndipo nchito yonseyo isanduka moto m'zitsulo zace. Pamtsetse wautali atentha kwambiri, naleka kugwira. Mupondapo phazi, koma lole ingopita. Tayala nalonso liri ndi nambala pambali pace yonena kulemera kumene lingathe kusenza. Likapanikizidwa lifunda m'kati pang'onopang'ono, ndipo liphulika pamene simuyembekezera, makamaka pa tara pamene muthamanga, monga pa mseu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe. Masipuling'i oonjezerawo ali ndi coipa cina: popeza sapindika msanga, kugunda konse kwa maenje kufika pa chasisi, ndipo chasisi ikang'aluka, ngakhale muiwocherere, sibwerera mwakale.

Zipupa zazitali sitizikana konse. Kabichi wopita ku msika wa Masala kapena ku Chisokone adzaza malo ambiri koma salemera ngati cimanga. Bvuto lace ndi lakuti munthu akaona malo otsala m'bodi, mtima sumpatsa kuwasiya. Feteleza ndiye wonyenga koposa: thumba lace lioneka laling'ono, koma liri ndi makilogalamu 50 omwewo. Ndiponso katundu akakwera pamwamba, lole ipendekeka msanga pokhota, ndi pamene tayala limodzi lalowa m'ngalande.

Akuruakuru a m'Ndola akumbukira cimene katundu wolemera ndi mseu woipa zicita zikakumana. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha ufulu mu Novembala 1965, mafuta analeka kubwera kucokera kumwera, ndipo anayamba kutengedwa m'migolo pa malole kucokera ku Dar es Salaam. Mseu wace unali wafumbi m'cilimwe, wamatope m'dzinja, ndipo malole anaonongekamo ambiri kotero kuti anthu anaucha Hell Run. Mpumulo unadza mu 1968, pamene paipi ya TAZAMA inafika ku Ndola. Njira ya kumunda kwanu ndi yaifupi, inde, koma maenje ace alibe cifundo coposa a mseu uja.

Za kasamalidwe ka masiku onse sitinena zambiri, pakuti makaniko ali yense angakuuzeni. M'mawa, injini isanalire, yang'anani oilo, madzi ndi mpweya wa m'matayala. M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, tsegulani sefa ya mpweya kawirikawiri, cifukwa fumbi likalowa m'injini licita ngati mcenga pa mphero. Dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa mseu mumpewe; madzi pang'ono m'menemo aononga pampu, ndipo mtengo wa pampu uwawa. Mukaturuka m'matope tsukani kunsi, nimupake girizi.

Kumbukiraninso za Boma. Lole yonyamula katundu iyenera kupimidwa ndi a RTSA kuti ilandire cikalata ca fitinesi, ndipo iyenera kukhala ndi inshuwalansi. Ngozi ikagwa lole itasenza mopitirira, mlandu ugwera woyendetsa ndi mwini wace, ndipo a inshuwalansi angathe kukana kulipira.

Tidziwa kuti cobvuta ceniceni ciri kumunda, pamene mwakweza matumba 40, ndipo mlamu wanu aima pambali ndi ace khumi, nati, "Alamu, awa okha, malo alipo." Kukana mbale nkowawa, ndiponso ulendo waciwiri udya dizilo. Koma werengani mtengo wa dizilo wa ulendo umodzi, nimuuyerekeze ndi mtengo wa matayala awiri ndi ekiselo. Mukatero muuzeni mlamuyo tsiku limene mudzabweranso, ndipo mumsiyire tenti kuti afunditse matumba ace.