KODI KUZIZIRA KULOWA, KAPENA KUTENTHA KUTURUKA?

Nkhani yathu ya lero iyambira pakhomo panu, pamene munatsamiritsa khasu lanu pocokera kumunda. Mawa m'mamawa, dzuwa lisanaturuke, mukaligwire khasulo, dzanja limodzi pa mpini, linzace pa citsulo. Ngati ndi mwezi wa June mudzacotsa msanga dzanja la pa citsulo, koma la pa mpini silidzadandaula. Tsono ndikufunseni: kodi mpini unagona m'nyumba pamene citsulo cinagona pabwalo? Iai, zonse ziwiri zinagona pamodzi, ndipo mukadaziyesa ndi thermometer mukadapeza kuti ziri cimodzimodzi.

Kusiyana kwace kuli apa. Thupi la munthu liri lofunda, madigiri 37 pa muyeso wa Celsius, ndipo khasu la m'mamawa siliri lofunda cotero. Citsulo cilanda kufunda kwa dzanja lanu mofulumira, mtengo ulanda pang'onopang'ono. Cimene ticha kuzizira ndico kumva kwa khungu pamene kutentha kulikuthawa m'thupi. Kutentha kuyenda masiku onse kucokera ku cinthu cotentha kunka ku cozizirapo, monga madzi atsata kunsi, ndipo sikubwerera pa kokha. Agogo anga ankakuwa usiku kuti, "Tseka citseko iwe, cisanu cilowa!" Sindifuna kutsutsana ndi malemu, pakuti mphepo ilowadi pa citseko, koma siibweretsa kanthu, ingodza kudzatenga kufunda kumene munali nako.

Kutentha kuli ndi njira zitatu zoyendamo, ndipo zonse zitatu zipezeka pa mafuwa a mai ali yense.

Njira yoyamba ndiyo ya kukhudzana, imene m'mabuku a sukulu aicha conduction. Munaona amuna pomanga nyumba ataima pa mzere, napatsirana njerwa kucokera pa mulu kufikira kwa mmisiri. Njerwa iyenda, koma amunawo sacoka pa malo ao. Tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso timene tipanga citsulo ticita comweco: tikatenthedwa tinjenjemera, ndi kugwedeza tinzace toyandikana nato, kufikira kutentha kwafika ku nsonga. Siyani supuni m'kapu ya tiyi, posacedwa ikuochani zala. Koma mthiko ubvundula nsima yowira tsiku ndi tsiku, ndipo dzanja la wophika silipsa. Mkuwa umene ukumbidwa ku Mufulira, ku Kitwe ndi ku Chingola upititsa kutentha kuposa mtengo kowirikiza 2,000 ndi kupitirirapo, ndipo mwa zitsulo zonse siliva yekha ndiye auposa. Ndico cifukwa cace mapoto ena a mtengo wapatali awaika mkuwa pansi. Sefuliya ya aluminiyamu iwiritsa madzi msanga, koma ipserezanso phala msanga, ndipo ikacoka pa moto sicedwa kuzirala. Mphika wa dothi ucedwa kugwira moto, ucedwanso kuutaya, kotero kuti bambo wobwera mocedwa apeza ndiwo zikali zofunda.

Koma cinthu cimene cikaniza kutentha koposa mtengo ndi dothi ndico mpweya wokhala cete. Pano ndipo pagona cinsinsi ca bulangete. Ambiri ayesa kuti bulangete liri ndi kufunda kwacekwace. Kulungani mwala m'bulangete usiku wonse, m'mawa mudzaupeza uli wozizira monga munausiya. Nchito ya bulangete ndiyo kusunga mpweya pakati pa ubweya wace, ndipo mpweyawo utsekereza kufunda kwa thupi lanu kuti kusathawe. Nkhuku idziwa zimenezi popanda kupita ku sukulu: kukazizira itukumula nthenga zace kuti mulowe mpweya wambiri. Pa cifukwa comweci malaya awiri opyapyala afunditsa koposa amodzi ocindikala.

Madzi ali ndi khalidwe lina. Iwo apititsa kutentha kuposa mpweya kowirikiza 20 ndi kupitirirapo, ndipo mbusa wa ng'ombe amene mvula yamunyowetsa anjenjemera ngakhale m'mwezi wa January. Amai, apa ndipo pali moyo wa khanda. Mwana abadwa ali wonyowa, thupi lace liri laling'ono, ndipo kufunda kwace kutha msanga koposa kwa munthu wamkuru. Cifukwa cace anamwino alangiza kumpukuta pomwepo, kumbveka cipewa, kumgoneka pa cifuwa ca amace khungu ndi khungu, ndi kuwapfunditsa onse awiri pamodzi. Za kumsambitsa ziyembekeze kufikira tsiku lapita. Cifuwa ca mai ndico mbaula yoposa zonse, pakuti sicizima, sicipsereza.

Kumbukiraninso za pansi. Pamene ndinali mnyamata pa sukulu ya misyoni tinagona pa simenti masabata angapo, mabedi asanafike, ndipo tinkaunjika zonse pamwamba pathu koma osaleka kunjenjemera. Mnzathu wina anayala manyuzipepala akale ndi thumba pansi pa mphasa yace, nagona tulo tabwino. Tinamseka usiku woyamba wokha. Simenti inalikumwa kufunda kwathu kudzera kumsana, ife tiri kalikiliki kuchinga kumimba.

Njira yaciwiri ndiyo ya kunyamulidwa, imene aicha convection. Pano njerwa siipatsiridwa pa mzere. Munthu aisenza pamutu napita nayo yekha. Tereka mphika wa madzi, waza gaga pang'ono, ndipo yang'anitsitsa madzi asanawire. Udzaona gaga alikukwera pa malo ena, alikutsika pa malo ena, kuzungulira osaleka. Madzi a pansi akatenthedwa afutukuka, napepuka, nakwera. Ozizira a pamwamba, pokhala olemera, atsika kukatenga malo ao. Mwa njira imeneyi moto wokhudza pansi pokha utenthetsa mphika wonse, ndipo palibe mai amene anasonkhapo moto pamwamba pa cibvundikiro kuti madzi awire.

Mpweya ucita zomwezo. Utsi ukwera, ndipo mwaye uunjikana ku denga, osati pansi. Miimba ya ku cigwa ca Luangwa siuluka m'mamawa. Iyembekeza dzuwa litenthe nthaka, ndipo pamenepo itambasula mapiko niikwera pa mpweya wofunda, kuzungulira kufikira ioneka ngati kadontho, osakupiza ngakhale kamodzi. Ndipo amene anayendapo usiku m'nyengo ya cisanu kucokera pa mtunda kutsikira ku dambo adziwa kuti pali malo pamene kuzizira kukugwira miyendo monga walowa m'madzi. Mpweya wozizira, pokhala wolemera, utsetsereka usiku kunka ku malo otsika nuunjikana kumeneko. Tomato ndi nyemba za m'dimba la pansi penipeni zipsa ndi cisanu, pamene za mnzanu amene analima cakumtunda pang'ono zipulumuka. Musathamangire kwa woombeza ula. Yang'anani kutsetsereka kwa malo.

Pa njira yomweyi ndiyenera kucenjeza za mbaula. Makala oyaka aturutsa mpweya wa ululu wochedwa carbon monoxide, umene ulibe pfungo, ulibe maonekedwe, ndipo suyabwa m'maso monga utsi wa nkhuni. Pabwalo, kapena m'khichini lotseguka, mpweyawo ukwera pamodzi ndi kutentha nucoka, ndipo wabwino ulowa m'malo mwace. Koma m'cipinda ca njerwa, mazenera otseka, nsanza zotsekera pansi pa citseko, ulibe koturukira. Ogonamo ayamba ndi mutu, kenaka tulo tolemera, ndipo ena sadzukanso. Caka ndi caka, nyengo ya cisanu ikafika, timva za maliro otere. Othani mbaula citseko ciri cotseguka, ndipo pokagona muiturutse pabwalo, ngakhale makala aoneke ngati azima.

Njira yacitatu ndiyo yodabwitsa, pakuti siifuna cokhudza kapena conyamula. Khalani pansi kuotha moto madzulo. Simukhudza nkhuni, ndipo taona kale kuti mpweya wotentha ukwera kumwamba, sudza cam'mbali kwa inu. Nanga cimene cikuochani nkhope, msana uli zii, nciani? Tengani licero, muliike pakati pa nkhope yanu ndi moto: kutentha kuduka nthawi yomweyo. Licotseni, kwabweranso. Kutentha kumeneku kuyenda monga ceza ca kuunika, molunjika, ndipo kuchingika monga kuunika. Dzina lace ndilo radiation. Dzuwa liri kutali makilomita 150,000,000, ndipo pafupifupi ulendo wonsewo mulibe mpweya, koma ceza cace cifika pa dziko m'mphindi 8 ndi pang'ono.

Munthu amene anazindikira za ceza cosaoneka ndiye William Herschel, ku England, m'caka ca 1800. Iye anapititsa kuunika kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu, ndipo kunagawika m'mitundu monga uta-wa-Leza. Anaika thermometer pa mtundu uli wonse kuti aone wotentha koposa. Pamene anaisuntha kupitirira pofiira, pa malo pamene maso sanaone kanthu, inakwerabe. Ceza cimeneci lero ciri ndi dzina lakuti infrared, ndipo cinthu ciri conse cicituruka, ngakhale thupi lanu, khoma, kapena mwala wa m'njira umene ufundabe dzuwa litalowa.

Tsopano lowani m'nyumba ya malata masana a October, kumene ku zigwa kutentha kupitirira madigiri 40. Dzuwa liomba pa malata, kutentha kupyola citsulo copyapyalaco mwa kukhudzana, ndipo malata atumiza ceza cao pa mitu ya okhala m'katimo, monga mbaula yaikuru yopacikidwa mozondoka. Malata akale a dzimbiri atentha koposa atsopano onyezimira, popeza cakuda cimwa ceza, coyera cicibweza. Usiku zitembenuka: malata omwewo atumiza kutentha kwa nyumba kumwamba, nazizira, ndipo nthawi zina m'bandakuca adontha mame pa bulangete. Dziko lonse licita comweco, ndico cifukwa cace usiku wa nyenyezi zoti mbuu uzizira koposa usiku wa mitambo, pakuti mitambo ibweza gawo la kutenthako.

Ine sindinyoza malata. Sadontha, sagwira moto wa lupsa, ndipo apumitsa munthu ku nchito ya kumweta udzu. Koma pogula malata tinaiwala nchito imene udzu unaticitira mwakacetecete, pokhala wodzala ndi timipata ta mpweya. Nchitoyo ikhoza kubwezedwa ndi ndalama zocepa. Kolekani mphasa kapena bango pansi pa malata zikhale siling'i, ndipo zidzachinga ceza monga licero lija. Siyani mpata pakati pa khoma ndi denga kuti mpweya wotentha upeze poturukira. Amene angathe apake penti yoyera pamwamba, ndipo ali yense angathe kubzala mtengo wa mango kumadzulo kwa nyumba.

Mwina wina afunsa za mtsuko, cifukwa ninji madzi ace azizira koposa a m'ndowa. Dothi loocha liri ndi timabowo, madzi aturukira kunja pang'onopang'ono monga thukuta, ndipo pouma atenga kutentha kwa mtsuko napita nako. Mukaupaka penti kuti ukongole, mwaupha nchito.

Cipangizo cimene citseka njira zonse zitatu pamodzi ndico fulasiki ya tiyi. Anayamba kuipanga ndiye James Dewar, ku London, m'caka ca 1892. Iri ndi makoma awiri, ndipo pakati pao anapopamo mpweya, kotero kuti palibe copatsira kapena conyamula kutentha. Makomawo awanyezimiritsa ngati kalirole kuti abweze ceza. Fulasiki siidziwa tiyi kapena madzi ozizira, ingoletsa kutentha kudutsa, kaya kucokera m'kati kaya kucokera kunja.

Amene alibe fulasiki ali nalo dengu, ndipo ilo lingathe kupulumutsa makala. Bviikani nyemba usiku wonse. M'mawa ziwiritseni kolimba mphindi 20, pakuti nyemba zosawira bwino zipweteka m'mimba. Pamenepo phulani mphika uli cibvundikire, muukhazike m'dengu loyalamo udzu wouma wambiri, mutsendere udzu wina m'mbali, ndi kupfunditsa pamwamba ndi thumba kapena bulangete lakale. Musatsegule kufikira papita maora 4. Kutentha kumene kuli m'mphikamo, posowa koturukira, kupitiriza kuphika. Zikakhala zisanafewe, zibwezereni pa moto kanthawi.

Ndinayesa zimenezi kwathu ku Katete, amai anga alikuyang'ana. Anagwira pakamwa nati, "Mwana wanga, sukulu yakupenga iwe. Unaona kuti nyemba zophikidwa ndi dengu?" Madzulo tinabvundukula mphika, nthunzi inati tolo, ndipo nyemba zinali zofewa. Amai analawa, nakhala cete kanthawi, ndipo anati mcere wacepa.