Nsomba zolusa za m'thanki: zomveka ndi zenizeni

Chambo, utaka, mbuna ndi ncheni ndi nsomba za banja limodzi lomwe akatswiri amalitcha cichlid, ndipo palibe nyanja ina padziko lapansi yomwe ili ndi mitundu yambiri ya banjali kuposa Nyanja ya Malawi. Ife ambiri timazidziwira mumphika. Koma ku Germany, ku America, ku Japan ndi kwina kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri kuti mbuna zizisambira pabalaza pawo, m'thanki yagalasi. Malemu Stuart Grant adayamba kutumiza nsomba zamoyo kunja kuchokera ku Salima m'zaka za m'ma 1970, ndipo malondawo akuchitikabe. Banjali lili ndi abale ena ku Nyanja ya Tanganyika komanso ku Central ndi South America, ndipo pakati pawo pali zimphona zotchuka ndi ukali: oscar wa ku Amazon, jaguar, Midas ndi dovii a ku Nicaragua ndi maiko oyandikana nalo, kuphatikizapo flowerhorn yemwe sadachokere m'chilengedwe koma adachita kupangidwa ku Asia pokweranitsa mitundu ingapo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mmalawi wokhala ku Johannesburg kapena ku London akalowa m'sitolo ya ziweto, izi ndi zomwe zimamukopa maso. Pamodzi ndi nsombayo amatenganso malangizo a pakamwa, ndipo ena mwa malangizowo ndi amene amapha nsomba.

Mawu omwe amamveka kwambiri ndi akuti nsomba imakula molingana ndi thanki yomwe ilimo. Mawuwa ndi otonthoza, makamaka kwa amene wakonda kaoscar kotalika ngati chala pomwe m'thumba muli ndalama za thanki yaing'ono. Ndipo sadangobwera okha, chifukwa anthu adaonadi nsomba ya m'thanki yopanikiza ikulephera kukula. Chomwe sadachione ndi chifukwa chake. Nsomba imatulutsa amoniya m'thupi mwake usana ndi usiku, ndipo amoniyayo ndi poizoni. Mabakiteriya okhala mufyuluta ndi amene amamusandutsa nitrite kenako nitrate, amene sapha msanga koma amaunjikana mpaka mwini thanki atasintha madzi. M'madzi ochepa uvewu umachuluka mofulumira, nsomba imakhala yofooka, chilakolako cha chakudya chimachepa, ndipo imapinimbira. Sikuti yazolowera malo, ikudwala. Oscar wosamalidwa bwino amafika masentimita 30, ndipo kukula kwake kochuluka kumachitika m'chaka choyamba. Amakhalanso ndi moyo zaka zoposa 10. Mmodzi yekha amafuna malita osachepera 300. Dovii wamwamuna amapitirira masentimita 60, ndiye iyeyo nkhani yake ndi ya malita 1,000 kapena kuposerapo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho musanaganize za mtundu wa nsomba, yang'anani kaye ngati tebulo ndi pansi pa nyumba yanu zingasenze katundu wotere.

Pa nkhani ya madziyi pali tinthu tomwe kuno kwathu sitinganyalanyazidwe. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini amene amapsereza ziwalo zopumira za nsomba ndi kupha mabakiteriya a mufyuluta, ndiye amafunika mankhwala ochotsa klorini asanathiridwe m'thanki. Fyuluta yatsopano imatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti mabakiteriya akhazikikemo, ndipo kuitsuka ndi madzi a pampopi n'kuyambiranso pachiyambi. Itsukidwe ndi madzi omwe mwatunga m'thankimo. Magetsi akazima kwa maola ambiri musapereke chakudya, ndipo kapampu ka mpweya koyendera mabatire kamapulumutsa nsomba zambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, ku Dedza, ku Mzuzu ngakhale ku Blantyre, madzi a m'nyumba amazizira kupitirira pomwe nsombazi zimafuna, chifukwa izo zimakhala bwino pa madigiri 24 mpaka 28.

Tsono ukali womwe. Anthu amanena kuti nsomba izi n'zoipa mtima, zimangopha popanda chifukwa, ndipo ena amazigulira mbiri yomweyo. Ndimamva chisoni ndikaona nsomba ikusungidwa kuti alendo azidzaonerera ikuluma galasi. Zomwe timazitcha nkhanza kawirikawiri ndi kuteteza malo ndi ana. Thadzi lokhala ndi anapiye limathamangitsa galu yemwe dzulo limamuthawa, ndipo palibe amene amati thadzilo lili ndi mtima woipa. Asodzi amadziwa kuti chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga n'kumapirikitsa chinzake chilichonse chofika pafupi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nyanja yogonja imathawira kutali, nkhani n'kuthera pomwepo. M'thanki ilibe kolowera. Imakabisala pakona chakumtunda, kuseri kwa hita, zipsepse zitang'ambika, mtundu utada, osadya, pomwe yopambanayo ikuganiza kuti mdani uja akukana kuchoka dala. Mu 2011 Ronald Oldfield wa ku Case Western Reserve University ku America adafalitsa zomwe adapeza poyang'anitsitsa tiana ta Midas: m'thanki yaikulu kwambiri yokhala ndi zotchinga ndi mobisala mwambiri, ndewu idachepa zedi poyerekeza ndi m'mathanki aang'ono omwe anthu ambiri amagwiritsa ntchito. Choncho miyala, mizu ya mitengo ndi miphika yadothi m'thanki si zokongoletsa chabe. Zimathandiza kuti nsomba ziwiri zisamaonane maso ndi maso tsiku lonse.

Sindikunena kuti malo amathetsa zonse. Pali dovii kapena flowerhorn amene salola mnzake aliyense ngakhale muchite zotani, ndipo yoteroyo isiyidwe yokha. Sisungulumwa monga timaganizira. Imamudziwa amene amaidyetsa, imabwera kutsogolo ikamuona, imakumba mchenga ndi kusuntha timiyala momwe ikufunira.

Pali langizo lina lomwe ndi loona pamalo ake koma limavulaza likasamutsidwa, lakuti mukathithikiza nsomba zambiri ndewu imatha. Kwa mbuna limagwiradi ntchito, malinga fyuluta ili yamphamvu ndipo madzi akusinthidwa sabata iliyonse, chifukwa yaimuna yolusa imasowa yoti ilimbane nayo yokha. Kwa jaguar kapena Midas amene amakhala awiriawiri n'kulanda dera lonse akafuna kuswana, njirayi imangoonjezera mitembo. Kusakaniza nsomba za ku Malawi ndi oscar nakonso kuli ndi vuto lake, popeza madzi a nyanja yathu ali ndi pH ya pafupifupi 8 pomwe oscar kwawo ndi kumadzi a pH yotsika, ndipo ngakhale madzi atagwirizana, kadyedwe ndi makhalidwe sizigwirizana.

Kukula sikutanthauza ukali. Kambuna kotchedwa Melanochromis auratus, kosapitirira kwenikweni masentimita 11, kamasowetsa mtendere thanki yonse kuposa nsomba zina zolusa za m'nyanja momwemo zomwe zimakaposa kawiri kutalika. Imodzi mwa izo, Dimidiochromis compressiceps, yopyapyala ngati mpeni, idatchuka kunja ndi mbiri yoti imakolowola maso a nsomba zinzake, moti ena amaopa kuiweta. Amene aiona m'nyanja amaipeza itazondoka mutu pansi pakati pa udzu wa m'madzi, ikudikirira tinsomba toti imeze tathunthu. Chomwe muyenera kuopa n'kuiika pamodzi ndi nsomba yokwana m'kamwa mwake. Chodabwitsa n'chakuti nkhani yomwe imamveka ngati nthano ndiyo yoona: Nimbochromis livingstonii amagonadi cham'mbali pansi pa nyanja ngati wafa, mawanga ake akuoneka ngati nsomba yoyamba kuwola, ndipo tinsomba tikabwera kudzatompha, amatikhwathula. Ena amachita zomwezi m'thanki, mwini wake n'kuthamangira kukatenga ukonde poganiza kuti yafa.

Za chakudya, ambiri amakhulupirira kuti nsomba yolusa iyenera kuponyeredwa nsomba zamoyo kuti ikhale yamphamvu. Kunja amakonda kuponya goldfish. Koma goldfish ali ndi thiaminase, chinthu chomwe chimawononga vitamini B1 m'thupi mwa yomwe yamudya, ndipo tinsomba totsika mtengo toteroti nthawi zambiri timabwera ndi matenda. Nyama ya ng'ombe nayo ili ndi mafuta omwe thupi la nsomba silitha kuwagwiritsa ntchito bwino. Oscar kuthengo amadya tizilombo, nkhanu zazing'ono, tinsomba ngakhale zipatso zogwera m'madzi, ndipo m'thanki amakula bwino ndi mapeleti abwino, nyongolotsi ndi ziwala mwa apo ndi apo. Mbuna zambiri zimadya ndere za pamiyala, matumbo ake ndi aatali, ndipo mukazizoloweza zanyamanyama zimatupa mimba ndi matenda omwe oweta nsomba adawapatsa dzina la dziko lathu, Malawi bloat.

Pomwe mitima imasweka kwambiri ndi pa kuswanitsa. Munthu amagula yaimuna yaikulu ndi yaikazi yaikulu, n'kuziika pamodzi poganiza kuti chilengedwe chichita chokha. M'mawa amapeza yaikazi itafa. Nsomba za ku America zimasankhana, ndipo yaimuna ikakonzeka pomwe yaikazi sidakonzeke, imaiona ngati mlendo wolowa m'dera lake. Oweta odziwa amagula tiana tisanu ndi kamodzi, n'kutisiya tikulire limodzi mpaka tiwiri titapatukana n'kuyamba kulondera kona imodzi, ndipo zotsalazo amazichotsa msanga. Ena amaika chotchinga pakati pa thanki chokhala ndi bowo lomwe yaikazi yokha ingadutsepo. Kugwirana milomo komwe anthu amati zikupsompsonana ndi kuyesana mphamvu, ndipo kukhoza kuthera m'kuswana kapena m'kuvulazana. Pa oscar pali msampha wina: yaimuna ndi yaikazi zimafanana zedi, moti zazikazi ziwiri zimatha kuikira mazira pamwala umodzi, mazirawo n'kungoyera osaswa.

Zikagwirizana, zimapala mwala wosalala, yaikazi n'kuikirapo mazira, yaimuna ikutsatira pambuyo. Pakatha masiku atatu kapena kuposerapo pang'ono amaswa. Apa ndi pomwe woweta watsopano amakuwa kuti zikudya ana, chifukwa amaona makolo akutola tiana ndi kamwa. Kawirikawiri amakhala akutisamutsira kudzenje lomwe akumba pamchenga. Mazira oyera omwe amachotsa ndi akufa, ndipo akadawasiya akadawoletsa anzawo. N'zoona kuti makolo oyamba kumene nthawi zina amadya mazira onse, makamaka ngati anthu akudutsadutsa kapena kugogoda galasi, koma zambiri zimaleka zikaswana kangapo. Ndipo pochotsa ana musachotse onse tsiku limodzi. Yaimuna ikaona chisa chili mbee imafuna kuyambiranso nthawi yomweyo, ndipo mkwiyo wake umagwera yaikazi.

Za ku Nyanja ya Malawi zili ndi njira ina. Kupatula chilunguni, zonse zimafungatira mazira m'kamwa mwa yaikazi. Palibe banja la awiri, choncho yaimuna imodzi imafunika zazikazi zitatu kapena zinayi kuti isatopetse imodzi. Yaikazi ikanyamula, pakhosi pamatupa, imasiya kudya kwa masabata pafupifupi atatu, ndipo wosadziwa amathira mankhwala poganiza kuti yadwala. Ochita malonda amaikanula kamwa kuti ilavule ana msanga iyambirenso. Ine ndimaona kuti woweta wa pakhomo alibe chifukwa chochitira zimenezi. Aipatse malo abata imalize ntchito yake, kenako aidyetse bwino ibwerere m'thupi isanakumanenso ndi yaimuna.

Funso lomwe ochepa amadzifunsa asanayambe ndi lakuti anawo apita kuti. Oscar kapena dovii amatha kuikira mazira oposa 1,000 nthawi imodzi, ndipo aliyense wa anawo adzafuna thanki ngati ya makolo ake. Pomwepa pamabadwira chikhulupiriro chomwe ndimachiopa koposa, choti nsomba ikakukulira, kuitaya mumtsinje kapena m'damu ndi chifundo. Ku Florida oscar ndi jaguar adakhazikika m'ngalande ndi m'madambo. Ku Nyanja ya Matano, pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia, flowerhorn wafalikira ndipo akuopseza zamoyo zomwe sizipezeka kwina kulikonse. Ngakhale kusamutsa nsomba m'nyanja imodzimodzi kuli ndi zotsatira zake. M'zaka za m'ma 1960 mbuna zochokera kumpoto kwa Nyanja ya Malawi zidatayidwa pachilumba cha Thumbi West pafupi ndi Cape Maclear, ndipo patapita zaka asayansi adapeza kuti Cynotilapia afra wobwerayo wasakanikirana magazi ndi mbuna za pomwepo. Chilumbachi chili m'dera la Lake Malawi National Park, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsombazi, ndipo UNESCO idaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Mitsinje ya Lilongwe ndi Linthipe imathera m'nyanja yomweyo, choncho nsomba yotayidwa m'mitsinjeyi ikhoza kukafika kumeneko. Nsomba yomwe simungathenso kuisunga ibwezedwe kwa amene adakugulitsani kapena ipatsidwe woweta wina wokhala ndi malo, ndipo ngati ziwiri zikuswana koma ana alibe kopita, chotsani mwala uja mazira asanaswe.